Gogomole wa ku Dzalanyama akusowa pogogoda

Mwa mitundu ya gogomole yomwe tili nayo m'Malawi muno, umene uli pamavuto kwambiri ndi wa Stierling. Ndi kambalame kotalika pafupifupi masentimita 17, kamsana wabulauni wopanda mawanga, ndipo katambala kake n'kofiira pamutu. Padziko lonse kamapezeka kummwera kwa Tanzania, kumpoto kwa Mozambique ndi kuno kwathu basi, m'nkhalango za miombo. Bungwe loona zachilengedwe la IUCN linakaika m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kulowa m'chiopsezo. Alendo okonda mbalame akafuna kukaona amalunjika ku Dzalanyama, yomwe boma linaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922.

Moyo wa gogomole wagona pa mtengo wokalamba. Chakudya chake ndi tizilombo ndi mphutsi zobisala m'makungwa ndi m'nthambi zofumbwa. Chisa amachita kuboola yekha pa thunthu kapena nthambi youma, ndipo akasamuka, m'mphakomo mumalowa mbalame zina zosatha kuboola. Kuti mombo ufike msinkhu umenewu pamapita zaka makumimakumi. Tsoka ilo, wootcha makala naye maso ake ali pa mtengo womwewo, poti waukulu ndi wolimba ndiwo umatulutsa makala olemera, osachedwa kugulidwa m'tauni.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama, ndipo mu 2020 zilango za m'lamulo la nkhalango zinakhwima. Komabe njinga za matumba a makala zikulowabe mu Lilongwe mbandakucha, chifukwa mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala.

Chomwe chimapusitsa ndi ichi: zitsa za miombo zimaphukira, moti pakapita zaka zingapo phiri limabiriwiranso, anthu n'kumati nkhalango yabwerera. Koma mphukira zoonda ngati mpini wa khasu gogomole angaboole pati? Bulugamu ndi paini zomwe timadzala dzinja lililonse sizingalowe m'malo mwa miombo. Ngakhale kutola nkhuni zouma, komwe ambiri sitikuona ngati kuononga, kumachotsa nthambi zomwe mbalameyi imadyamo ndi kuswanamo.

Dzalanyama imatchuka m'misonkhano chifukwa cha madzi a mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu, ndipo mpake. Komabe oteteza nkhalangoyi akamawerenga mbande zodzalidwa, ayenera kuwerenganso mitengo ikuluikulu yomwe yatsala, yauwisi ndi youma yomwe.