Nthiti zowamba pamoto wofatsa: phindu lagona pa mpweya

Ogulitsa nyama yootcha mumsewu wa M1, kuyambira pa Linthipe, Chimbiya mpaka pa boma la Dedza, amadziwa kuvuta kwa nthiti. Pamoto wa lawilawi zimapserera kunja koma mkati zili gwa, ndipo madzulo zimapita pamtengo wotaya.

Chimene chimalimbitsa nthiti ndi mitsempha yogwira nyama ku fupa. Mitsemphayi imasungunuka pokhapokha nyama ikakhalitsa pamoto wofatsa. Nthiti za nkhumba zimafuna maola 4 mpaka 6 mu ng'anjo yovindikira, yotentha madigiri 110 mpaka 120. Zikapsa, nyama imatula nsonga za mafupa.

Ku America owamba nyama ali ndi kachipangizo koyendetsa moto. Kali ndi choyezera kutentha ndi kafani. Moto ukatsika, fani imapemerera makala. Ukafika pamlingo, imaima. Ntchito yake yonse ndi kuchepetsa kapena kuchulukitsa mpweya basi.

Wogulitsa wa ku Dedza angachite zomwezo ndi mgolo wachitsulo wotsuka bwino, umene sunasungepo mankhwala. Uikidwe chivindikiro, kakhomo kotsekeka pansi ndi bowo lotulutsa utsi pamwamba. Makala akhale mbali imodzi, nyama mbali ina, choyezera kutentha chili pafupi ndi nyama. Moto ukakwera, atsekeko kakhomo kapansi, n'kudikira mphindi 10 asanakakhudzenso. Kuvundukula pafupipafupi kumathawitsa kutentha, kumadyanso makala.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ya kumapiri kuno imalanda kutentha kwa mgolo, choncho uzikhala kuseri kwa khoma. Utsi wabwino umachokera ku nkhuni zouma za mapichesi kapena mango. Paini, ngakhale ndi wambiri m'bomali, ali ndi utomoni umene umawawitsa nyama.

Chenjezo lalikulu lili pa mtengo. Nthiti zikamawambidwa zimataya madzi ndi mafuta, kulemera n'kutsika kwambiri. Wogulitsa ayeze pasikelo zisanapite pamoto, ayezenso zitapsa. Aphatikize ndalama ya nyama, makala, mchere, tsabola ndi chiphaso cha msika, kenako agawe ndi nambala ya nthuli zimene zatuluka, n'kuikapo phindu lake. Wongotengera mtengo wa kanyenya wa mnzake amadya mpamba osadziwa.

Poti ntchitoyi ndi ya maola ambiri, moto uyake m'mamawa kuti nthiti zikumane ndi apaulendo a masana.