Chikuku si nthenda ya ana okha

Chikuku chimayamba ngati chimfine wamba, ndipo ichi n'chimene chimachedwetsa ambiri kupita kuchipatala. Pakatha masiku 10 mpaka 14 kachilombo katalowa m'thupi, wodwala amatentha thupi kwambiri, amatsokomola, amachucha mamina, maso amafiira ndi kulengeza misozi. Kwa ena, mkati mwa masaya mumaoneka timadontho toyera.

Totupa ta pakhungu timadza patapita masiku angapo. Timayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, n'kutsikira pachifuwa mpaka kumapazi. Pakhungu lakuda kufiira kwake sikuoneka msanga, kotero ndi bwino kusisita khungu ndi dzanja.

Wodwala amayamba kupatsira anzake masiku anayi totupati tisanatuluke, ndipo amapitiriza kwa masiku ena anayi titatuluka. Kachilomboka kamakhalabe mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri iye atachokamo. Mwa anthu 10 opanda chitetezo amene ayandikana naye, 9 amadwala. Oyang'anira sukulu zogonera pompo, ndende ndi misasa ya anthu othawa madzi osefukira ayenera kulingalira mozama za nambalayi.

Chomwe chimapha kawirikawiri ndi mavuto obwera pamwamba pa nthendayi. Chibayo ndicho chimatenga miyoyo ya ana ambiri. Kutsekula m'mimba kumatha madzi m'thupi, mafinya a m'khutu amatha kugonthetsa mwana, ndipo mwana woperewera Vitamini A akhoza kuchita khungu. Pafupifupi wodwala mmodzi pa 1,000 amatupa ubongo. Ngakhale wochira satha msanga: chikuku chimafooketsa chitetezo cha m'thupi, kotero nthenda zina zimamupeza mosavuta kwa miyezi yambiri.

Akuluakulu nawo chimawagwira mwamphamvu, makamaka omwe ali ndi HIV. Mayi woyembekezera akhoza kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane. Mliri wa mu 2010 m'dziko muno udagwira anthu oposa 130,000, kuphatikizapo achinyamata ndi akuluakulu, ndipo pafupifupi 300 adamwalira.

Mankhwala opha kachilomboka kulibe. Kuchipatala amathana ndi mavuto obwerawo ndipo ana amawapatsa Vitamini A kawiri, masiku awiri otsatizana. Kutsekera mwana m'nyumba podikira kuti chikuku "chituluke" kumangotayitsa nthawi. Akamapuma mothamanga, kukomoka kapena kukana kuyamwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Katemera amaperekedwa ulere mwana akakwanitsa miyezi 9, ndipo wachiwiri pa miyezi 15. Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kuti dera litetezeke pamafunika kuti ana 95 mwa 100 aliwonse alandire akatemera onse awiri.