NSAPATO YOYENERA ITETEZA PHAZI NDI BONDO LA WOCHOVA NJINGA

Pa Ciweru ndi pa Sondo m'mamawa, munthu woyenda pa mseu wa Great East kapena wa Leopards Hill mu Lusaka amakumana ndi magulu a acinyamata ndi acikulire omwe, ali pa njinga za matayala opyapyala, atavala zisoti, akuthamanga mondondozana. Ambiri a iwo anasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule njingazo. Koma nsapato amaiganizira pothera peni-peni, m'thumba mutatsala zocepa. Cotsatira cake n'cakuti ena amabwerera kunyumba zala zitacita dzanzi, ena ali ndi matuza, ndipo ena bondo likuwawa kotero kuti amaleka masewerawa asanafike nawo patali.

Njinga si cinthu cacilendo m'Zambia. Anthu a cigawo ca kum'mawa akali kukumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata, ndipo alimi, ana a sukulu ndi anchito za umoyo amadziwa bwino njinga za Buffalo. Koma njinga ya mpikisano ili ndi mwambo wake, ndipo acinyamata ambiri a mu Africa ayamba kuikonda. M'caka ca 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana zigawo zitatu za mpikisano wa Tour de France natenga malaya obiriwira, ndipo mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamseu unacitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, kwa nthawi yoyamba mu Africa. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Katete, Petauke kapena Matero amene afuna kutsata mapazi a akatswiriwa ayenera kudziwa zimene abvala kuphazi.

Cifukwa cake cimaoneka munthu akawerengera. Wochova wozolowera amazunguza mapedulo nthawi pafupi-fupi 90 pa mphindi imodzi. Pa ola limodzi ndiye kuti phazi lazungulira nthawi 5,400, ndipo pa ulendo wa maola atatu lazungulira nthawi 16,200. Msoko wa nsapato umene ungokanda pang'ono m'sitolo umasanduka cironda pa ulendo wotere, ndipo phazi lopotoka pang'ono pa pedulo limapotoza bondo nthawi zikwi zonsezo.

KUMENE ZINACOKERA

Kale othamanga pa njinga anali kubvala nsapato za cikumba, nalowetsa zala m'kakhola kacitsulo ka pa pedulo ndi kumanga phazi ndi lamba. Pofuna kuima, munthu anali kuyamba wawerama kuti amasule lambayo ndi dzanja. M'caka ca 1984 kampani ya Look ya ku France, imene inali kupanga zomangira mapazi za anthu otsetsereka pa cipale cofewa, inatulutsa pedulo limene limagwira nsapato lokha munthu akaponda, ndi kuimasula akapotozera cidendene kunja. Bernard Hinault anapambana Tour de France ya 1985 ndi mapedulo amenewa, ndipo m'zaka zocepa zotsatira othamanga ambiri anasiya malamba. Mu 1990 kampani ya Shimano ya ku Japan inatulutsa mtundu wake wochedwa SPD.

Cimene cimalumikiza nsapato ndi pedulo ndico kacipangizo kochedwa cleat, kamene kamamangidwa ndi mabauti kunsi kwa nsapato. Nsapato zambiri za pamseu zili ndi mabowo atatu, ndipo zimalandira cleat yaikulu ya pulasitiki ya mtundu wa Look Keo kapena Shimano SPD-SL. Za mabowo awiri zimalandira cleat yaing'ono yacitsulo ya SPD, imene imabisala m'kati mwa soli. Wogula ayenera kudziwa mapedulo amene ali nawo asanalipire, pakuti cleat ya Look Keo siyenerana ndi pedulo la SPD-SL, ngakhale kuti ziwirizi zimamangidwa pa mabowo atatu ofanana.

Nsapato ya mabowo atatu ndi yabvuto poyenda pansi: munthu amayenda ngati bakha, ndipo cleat imatha msanga pa miyala ndi pa dothi. Cotero amene amachoka pa tala kulowa mseu wafumbi, kapena amene amatsika kawiri-kawiri kukankha njinga, acita bwino kusankha ya mabowo awiri.

KUUMA KWA SOLI

Soli ya nsapato ya njinga siipindika monga ya nsapato yothamangira pansi. Kuuma kumeneku kumagawa kulemera pa phazi lonse, kuti pedulo lisabaye malo amodzi. Nsapato za mtengo wotsika zili ndi soli ya nayiloni, ndipo zodula zili ndi ya carbon, imene ndi yopepuka ndi youma koposa. Koma wophunzira asadzibvute ndi ngongole cifukwa ca carbon. Pa liwiro la masiku onse kusiyana kwa ziwirizi n'kocepa, ndipo phindu la phazi lomangika pa pedulo limaoneka maka-maka pothamanga kothera ndi pokwera citunda munthu ataimirira. Nsapato ya nayiloni yokwana bwino iposa ya carbon yothina.

KUPIMA PHAZI

Phazi limatupa kukatentha ndiponso munthu akagwira nchito, ndipo amene anachovapo njinga m'mwezi wa Okutobala, maka-maka ku cigwa ca Luangwa, adziwa zimenezi. Motero nsapato iyenera kuyesedwa madzulo, osati m'mawa, ndi masokosi opyapyala omwewo amene munthu adzabvala pa njinga. Ayese mapazi onse awiri ataimirira, cifukwa anthu ambiri ali ndi phazi limodzi lokulirapo, ndipo lalikulu ndilo lilamula saizi.

Njira yapafupi ndiyo kuponda pa pepala, cidendene citagunda cipupa, ndi kulemba mzere pamene cala cacitali cathera, ndiponso m'mbali mwa phazi pamene latambalala. Nsapato za njinga zimalembedwa manambala a ku Ulaya monga 40, 42 kapena 44, ndipo nambala iliyonse imasiyana ndi inzake ndi mamilimita pafupi-fupi 7. Komabe 42 ya kampani ina siilingana nthawi zonse ndi 42 ya kampani inzake. Amene atumiza m'bale wake ku Johannesburg kapena agula pa intaneti atumize muyeso wa mamilimita, osati nambala yokha.

Nsapato yokwana imagwira cidendene kuti cisatukuke, imasiya kadanga kocepa kutsogolo kwa zala, ndipo siifinya m'mbali. Kutambalala kwa phazi ndiko kumene ambiri amalakwitsa. Mafupa a kutsogolo kwa phazi akapanikizika amafinya mitsempha imene imapita pakati pawo, ndipo munthu amamva kutentha ngati waponda makala, pambuyo pake dzanzi. Kugula nambala yaikulu sikuthetsa bvutoli, cifukwa nsapato imangotalika ndipo cidendene cimayamba kusewera. Makampani monga Shimano, Sidi ndi Lake amapanga mitundu yotambalala, ndipo mwini phazi lotere afunse imeneyo. Paja akulu-akulu anati safunsa anadya phula.

Zomangira zilipo za mitundu itatu. Nthambo n'zotsika mtengo ndipo zimagwira mofanana phazi lonse, koma sizimasulika munthu ali pa njinga. Malamba omata a Velcro ndi apafupi, koma amaleka kugwira fumbi likawalowa. Kagudumu kozunguza kawaya, monga ka Boa, kamalola munthu kumasula pang'ono phazi likatupa panjira, koma kakathyoka kamafuna cina colowa m'malo cimene sicipezeka m'sitolo iliyonse.

KUMANGA CLEAT

Cleat iikidwe kotero kuti fupa lotumphuka la kumbuyo kwa cala cacikulu likhale pamwamba pa citsulo cimene pedulo limazungulirapo, kapena patsogolo pake pang'ono. Ikapita kutsogolo kwambiri, katumba ndi mtsempha wa kucidendene zimatopa ndipo zala zimacita dzanzi. Phazi liyeneranso kuloza kumene limaloza mwacibadwa munthu akakhala pa thebulo miyendo ili lende.

Ma cleat ambiri amalola cidendene kusuntha pang'ono cisanamasuke, ndipo mtundu wake ndiwo umasonyeza. Kwa Shimano SPD-SL, yacikasu imalola madigiri 6, yabuluu 2, ndipo yofiira siilola konse. Kwa Look Keo, yofiira imalola madigiri 9, yotuwa 4.5, ndipo yakuda siilola. Woyamba kumene asankhe yolola kusuntha, pakuti imapatsa bondo mpata woyenda m'njira yake. Akasintha nsapato aonenso kutalika kwa cishalo, cifukwa masoli amasiyana kucindikala. Bondo likapitiriza kuwawa ngakhale zonsezi zitakonzedwa, apume ndipo akaonane ndi a cipatala.

Pafupi-fupi aliyense amagwapo tsiku loyamba, ataima koma phazi likali logwidwa. Kugwa kotere pa bwalo la sukulu kumangoseketsa anzake, koma pa maloboti pakati pa mabasi ndi magalimoto a katundu kungatayitse moyo. Wophunzira afewetse sipuling'i ya pedulo, ayedzamire cipupa, ndipo abwereze kulowetsa ndi kumasula phazi kufikira mwendo utazolowera. Popeza magalimoto m'Zambia amayenda kumanzere, n'kwanzeru kuzolowera kumasula phazi lamanzere, kuti thupi lipendekere kumbali kwa mseu.

ZA SALAULA NDI KUSAMALA

Nsapato zabwino zimapezeka nthawi zina m'mabelo a salaula, pa mtengo wocepa. Wogula ayese kuipinda kuti aone ngati soli ilibe mng'alu, ayang'ane ngati guluu sanaleke pakati pa soli ndi cikumba, ndipo aone ngati mabowo a mabauti sanadyeke ndi dzimbiri. Cleat yakale aicotse nagule yatsopano, pakuti yakutha imamasuka yokha munthu ali pa liwiro. Pomanga mabauti apakeko girisi pang'ono. M'nyengo ya dzinja nsapato yonyowa iikidwemo mapepala a nyuzi ndi kuumitsidwa pamthunzi. Pafupi ndi mbaula guluu amasungunuka.

Amene amanyamula anthu, makala kapena cimanga pa njinga ya masiku onse safunikira cleat. Komabe nawonso asiye mapatapata, amene amaterereka pa pedulo ndi kusiya zala poyera, ndipo abvale nsapato yotseka ya soli yolimba, nthambo atazilowetsa m'kati kuti zisakodwe m'cheni. Makolo ndi aphunzitsi a masewera amene ali ndi ana okonda njinga akulimbikitsidwa kupita nawo anawo kukayesa nsapato, ndi kuyesanso caka ndi caka pamene phazi likali kukula.