Kuvutika Maganizo kwa Odwala Matenda Osachiritsika

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa anthu onse kuti kuvutika maganizo kwa wodwala khansa kapena matenda ena osachiritsika ndi nthenda payokha, ndipo imachizika. Kufooka ndi kukana chakudya kungachokere ku matenda omwe munthuyo ali nawo kale, choncho si umboni wokwanira. Woyenera kumuyang'anitsitsa ndi wodwala amene kwa masabata awiri kapena kuposerapo wataya chiyembekezo, sakukondwanso ngakhale zidzukulu zikamuyendera, ndipo amadziona ngati mtolo pabanja.

Achipatala amayamba ndi kuchepetsa ululu, popeza ululu wosalekeza umakulitsa vutoli. Kenako amapereka uphungu ndi mankhwala monga amitriptyline, omwe amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito. Wodwala akalankhula zodzipha asasiyidwe yekha. Womusamalira asunge mankhwala onse, ndipo adziwitse achipatala tsiku lomwelo.