Singano Yotentha Pakhosi

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

Omvera athu, taikani zala ziwiri pakhosi panu, m'munsi pang'ono mwa kholingo, kenaka mumeze malovu. Pamene mwagwirapo ndi pamene pali chithokomiro. Mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi magalamu 20 okha, ndipo chili ndi mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere kwa njira ya mpweya, zolumikizana ndi kamnofu kopyapyala pakati. Chimatenga ayodini wa m'chakudya n'kupanga mahomoni amene amalamula liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kukula kwa mwana ndi ubongo wake womwe.

M'kachiwalo kameneka mumakonda kumera tizotupa. Madokotala akapima anthu akuluakulu ndi sikani, ija amayi oyembekezera amaidziwa bwino, pafupifupi theka amapezeka ndi kachotupa m'chithokomiro, amayi kuposa abambo. Mwa zotupa 10 zilizonse, zoposa 9 si khansa, ndipo zambiri munthu amakalamba nazo osadziwa n'komwe. Koma zina zimakula. Kolala ya malaya imayamba kuthina, nsima imavuta kumeza, ukagona chagada mpweya umabanika, ndipo pamsika anthu amayamba ayang'ana khosi lako asanakupatse moni. Kwa zaka zoposa 100, yankho la achipatala pa chotupa chotere linali mpeni. Lero tikambe za singano imene ikulowa m'malo mwa mpeniwo kwa odwala ena, njira yotchedwa radiofrequency ablation, mwachidule RFA. Koma tiyambire kumapiri.

(Nyimbo)

M'midzi ya m'mapiri a Alps, ku Switzerland ndi maiko oyandikana nawo, kutupa khosi kunali kofala zedi, chifukwa nthaka ndi madzi a kumeneko alibe ayodini wokwanira. Madokotala ankayesa kudula zotupazo, koma chithokomiro chimayenda magazi ambiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, mwa odwala 10 ochitidwa opaleshoniyi, pafupifupi 4 ankamwalira, ena ndi kutaya magazi, ena ndi mabala oola. Mu 1850 bungwe la madokotala la ku France linafika poiletsa.

Amene anasintha zinthu ndi Theodor Kocher, amene mu 1872 anakhala mkulu wa maopaleshoni ku Bern. Anali munthu wosapupuluma. Ankamanga mtsempha wa magazi uliwonse asanaudule, ankasamala zaukhondo nthawi imene anzake ena ankaziona ngati zotayitsa nthawi, ndipo pomwalira mu 1917 anali atachita maopaleshoni a chithokomiro oposa 5,000, imfa zitatsika kufika pa zosakwana munthu mmodzi pa 100 alionse. Mu 1909 anapatsidwa mphotho ya Nobel.

Komatu ulemu umenewu unadza ndi misozi ya anthu ena. Mu 1874 Kocher anachotsa chithokomiro chonse cha mtsikana wazaka 11. Bala linapola bwinobwino. Patapita zaka, mwana amene kale anali wochangamuka uja anali atasiya kukula, nkhope itatupa, nzeru zitazilala, mng'ono wake atamupitirira msinkhu. Kocher anaitanitsa odwala ake akale kuti awaonenso, ndipo mu 1883 anaulula pamaso pa madokotala anzake zimene anapeza: pafupifupi onse amene anawachotsa chithokomiro chonse n'kubweranso anali ofooka, ozizidwa, olankhula mwaulesi. Dokotala wa ku Geneva, Jacques-Louis Reverdin, anali ataona zomwezo chaka cham'mbuyo. Kuyambira pamenepo Kocher ankayesetsa kusiyako kachigawo. Madokotala anadziwa ntchito ya chithokomiro poona zimene zinagwera anthu amene anachichotsedwa.

Nkhani ya ayodini ndi yodziwika, tingoidutsa. Mu 1922 dera lina la Switzerland linayamba kuthira ayodini mumchere, ku America anayamba mu 1924, ndipo kuno ku Malawi lamulo lotero linabwera m'zaka za m'ma 1990. Agogo athu akukumbukira amayi a makosi otupa, ena atawatemera mphini, ena akubisa ndi mpango poopa kunenedwa kuti analodzedwa. Mchere wa ayodini unachepetsa kwambiri zimenezo. Tizotupa tokha sunatithetse, chifukwa timamera ngakhale mwa anthu odya ayodini wokwanira.

Masiku ano opaleshoni ya chithokomiro ndi yodalirika, ndipo zipatala zathu zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central zimaichita. Koma mtengo wake ulipobe. Munthu amagonetsedwa, amatsala ndi chipsera pakhosi, ndipo akachotsedwa chithokomiro chonse amamwa piritsi la mahomoni m'mawa uliwonse moyo wake wonse. Ngakhale ena ochotsedwa mbali imodzi yokha amalifunabe piritsilo. Ndiye pali mawu. Kuseri kwa chithokomiro, m'kamkwasa ka pakati pa njira ya mpweya ndi m'mero, mumadutsa kamtsempha kamene kamayendetsa zingwe za mawu. Kakavulala, mawu amasasa, nthawi zina mpaka kalekale. Ife a pawailesi nkhani imeneyi timaimvera m'mimba.

(Nyimbo)

Nanga magetsi akulowapo bwanji? Mu 1891 wasayansi wa ku France, Jacques-Arsène d'Arsonval, anaonetsa kuti magetsi osinthasintha mbali mofulumira kwambiri amadutsa m'thupi osamugwedeza munthu, amangotenthetsa mnofu. Magetsi a m'nyumba mwanu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, n'chifukwa chake amagwira koopsa. A makina a RFA amasinthasintha pafupifupi maulendo 500,000 pa sekondi, kuyandikira mafunde a wailesi za AM. Mu 1990 madokotala a ku Italy ndi ku America, aliyense payekha, anasonyeza kuti singano yonyamula magetsi otere ingathe kuwotcha mnofu wa m'kati mwa chiwindi popanda kung'amba mimba. Mu 2001 gulu la Damian Dupuy ku Rhode Island linalengeza kuti laigwiritsa ntchito pa khansa ya chithokomiro yobwereranso pambuyo pa opaleshoni.

Koma chiwindi ndi chachikulu, ungathe kuimika singano malo amodzi n'kudikira. Khosi ndi lopanikizana: njira ya mpweya ili pomwepo, m'mero pomwepo, mtsempha waukulu wopita kuubongo pambali, khungu pamwamba. Amene anaphunzitsa dziko kayendetsedwe ka singanoyi pamalo othina chonchi ndi madokotala a ku South Korea, makamaka Jung Hwan Baek, amene anayamba kuwotcha zotupa zosakhala khansa mu 2002, ndipo dzina lake linadzatchuka ali pachipatala cha Asan Medical Center ku Seoul.

Tiyeni tilowe m'chipinda chochitiramo zimenezi. Wodwala wagona chagada, pilo ali kunsi kwa mapewa kuti khosi litambasuke. Pantchafu zake amata zigamba zolumikizidwa ku makina, zobwezera magetsi. Sanamugonetse ayi, ali maso. Dokotala wabaya mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu ndi mozungulira chithokomiro. Dzanja limodzi lagwira kachipangizo ka sikani, lina lagwira singano yonenepa kuposa milimita imodzi pang'ono. Singanoyo ndi yokutidwa yonse kupatula kunsonga, kagawo ka pafupifupi sentimita imodzi, ndipo m'kati mwake mukuyenda madzi ozizira. Madziwo ali ndi chifukwa. Mnofu umafa ukafika madigiri 60, koma ukapitirira 100 umapserera, ndipo mnofu wopserera sudutsanso magetsi, ntchito imaima.

Singano simalowera pambali pomwe pali chotupa. Imalowera pakati pa khosi, kudzera m'kamnofu kolumikiza kaja, n'kuloza chakumbali. Potero dokotala amaiona yonse pagalasi la sikani, kuyambira pakhungu mpaka kunsonga, ndipo kutentha kumatalikirana ndi kamtsempha ka mawu. Amayambira pansi penipeni pa chotupa. Akayatsa magetsi, pagalasi pamaoneka kamtambo koyera, thovu la nthunzi yochokera mumnofu umene ukupsa, ndipo nthawi zina wodwala amamva kuthetheka m'khosi. Kamtamboko kakangooneka, dokotala amakokera singano m'mbuyo pang'ono, n'kuwotcha pena, n'kukokanso. Amachita ngati mayi wozira nyumba, amene amayambira kukhoma la kutali n'kumabwerera chafutambuyo mpaka kukhomo, osapondanso pamene wazira. Akanayambira pamwamba, thovu lija likanaphimba zonse za pansi, iye n'kumagwira ntchito mumdima.

Nthawi yonseyi dokotala akumulankhulitsa wodwalayo. Mukumva bwanji? Tawerengani kuyambira wani. Sikuti ndi macheza chabe: akumvetsera mawu. Akangomva kusasa pang'ono amazimitsa makina pomwepo n'kubayira madzi ozizira pafupi ndi kamtsemphako. Chotupa chikakhala choyandikana kwambiri ndi malo oopsa, madziwo amawabayiratu kuti atsekereze pakati. Amagwiritsa ntchito madzi a shuga, chifukwa a mchere amadutsa magetsi. Ntchito yonse simakonda kupitirira ola limodzi. Pakhosi amaikapo kapulasitala ndi chinthu chozizira, ndipo tsiku lomwelo munthu amabwerera kwawo.

Akadziyang'ana pagalasi madzulo ake akhoza kukhumudwa, chifukwa chotupa chikadalipo, mwinanso chatupirako. Singano sichotsa kanthu. Imangopha mnofuwo, thupi lokha n'kumauyamwa mwezi ndi mwezi. Pakatha chaka zotupa zambiri zimakhala zitaphwa ndi theka, zina magawo atatu mwa anayi kapena kuposa, ndipo mbali yabwino ya chithokomiro imapitiriza ntchito yake, moti ndi ochepa kwambiri amene amafuna mapiritsi a mahomoni.

(Nyimbo)

Mu 2012 Baek ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 1,459 ochokera m'zipatala 13 za ku Korea. Mavuto anapezeka 48, ndipo 20 mwa amenewo anali aakulu. Anthu 15 anasintha mawu, ambiri mwa iwo kwa kanthawi. Panalinso kupsa khungu, kutuluka magazi m'kati ndi kuphulika kwa chotupa patapita masiku. Ziwerengero zimenezi n'zolimbikitsa, koma tikumbuke kuti zinachokera m'manja ozolowera. Singano yomweyo m'dzanja la wophunzira kumene ndi nkhani ina. Madokotala a ku Italy nawo anaitengera patsogolo njirayi, ku Britain bungwe la NICE linatulutsa malangizo ake mu 2016, ndipo bungwe la madokotala a chithokomiro la ku Ulaya linatulutsa ake mu 2020.

Pali chinthu chimodzi chimene mpeni umaposa singano. Dokotala akadula chotupa amachitumiza ku labotale, n'kudziwa motsimikiza ngati munali khansa. Chowotchedwa chimatsalira m'khosi, palibe choti apime. N'chifukwa chake malangizo a ku Korea amati asanawotche atengeko kaye timaselo ndi kasingano kakang'ono, kawirikawiri maulendo awiri, kuti atsimikize kuti si khansa. Chipatala chopanda katswiri wopima timaselo timeneti chisayambe n'komwe kulota za makina a RFA. Chinanso, m'mphepete mwa chotupa, pafupi ndi malo oopsa aja, dokotala amasiyako dala mnofu wamoyo, ndipo umenewo ukhoza kuphukanso pakapita zaka, munthu n'kubwereranso ku singano. Chotupa chodzaza madzi okhaokha sachiwotcha msanga: amachikoka madziwo n'kubayiramo mowa wa kuchipatala, njira yotchipa kwambiri. Mayi woyembekezera amauzidwa kuti adikire. Ndipo chotupa chachikulu chimene chakula zaka zambiri mpaka kutsikira kuseri kwa fupa la pachifuwa, chonga zimene madokotala athu amakumana nazo chifukwa anthu amafika mochedwa, chimafunabe mpeni. Makinawo ndi odula, ndipo singano iliyonse imagwira ntchito pa munthu mmodzi basi.

Dziko lomwelo la South Korea lili ndi phunziro lina lowawa. Kuyambira mu 1999 boma linakhazikitsa ndondomeko yopima anthu khansa zosiyanasiyana. Chithokomiro sichinali pamndandanda, koma zipatala zinkawonjezerapo sikani ya pakhosi pa kandalama kochepa, anthu n'kumavomera. Pofika 2011 chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinali chitakwera kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi 1993, pamene chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Sikani inkatola timakhansa ting'onoting'ono timene sitikanapha munthu, ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa chithokomiro, n'kuyamba mapiritsi a moyo wonse.

Apa ndipo ine ndimaiopera singanoyi. Chifukwa ndi yofatsa, yosasiya chipsera, n'kosavuta kumunyengerera munthu kuti awotche kachotupa kamene sikakumusowetsa mtendere, makamaka kumene dokotala amalipidwa pa singano iliyonse imene wabaya. Malangizo enieni amanena za chotupa chimene chikupanikiza khosi, chikuoneka moti mwini wake akuvutika nacho, kapena chikutulutsa mahomoni mopyola muyeso. Zina zonsezo amangoziyang'anira ndi sikani nthawi ndi nthawi.

Ku Korea kuja, mu 2014 madokotala 8 analemba kalata yapoyera yopempha kuti kupima khosi kwa anthu osadwala kulekeke. Anzawo ambiri anawakwiyira, koma wailesi, makanema ndi nyuzipepala zinaitola nkhaniyo. M'chaka chotsatira, maopaleshoni a khansa ya chithokomiro anatsika kuchoka pa oposa 43,000 kufika pafupifupi 28,000.

(Nyimbo yotsekera)