Goloboyi Amagwera pa Mikono Yake

Golo ndi lalikulu kuposa mmene limaonekera uli kunja kwa bwalo: mamita 7.32 mulifupi, mamita 2.44 kupita m'mwamba. Goloboyi akadumphira pakona amatera ndi phewa ndi mkono, ndipo m'chilimwe nthaka ya pabwalo lathu imauma gwa. N'chifukwa chake anyamata amene ndimawaphunzitsa sagwira mpira asanachite mapushapu.

Koma akhale mapushapu enieni. Zikhatho zikhale pansi pa mapewa, zigongono zisatambasuke ngati mapiko, msana ndi miyendo ziwongoke, chifuwa chitsike mpaka chitsale pang'ono kukhudza pansi. Kwa ine bola 10 ochita bwino kusiyana ndi 50 a chiuno m'mwamba. Amene walimba ndimamuwonjezera: adzikankhe mwamphamvu mpaka manja anyamuke, aombe m'manja, atere mofewa zigongono zitapindika. Mphamvu yadzidzidzi imeneyi ndi imene imamudzutsa msanga mpira ukam'pulumuka n'kubwerera kwa womenya.

Mapushapu samuphunzitsa kuwerenga phazi la womenya penate, zimenezo amaphunzira pagolo pomwepo. Ndipo dzanja likamapweteka pamfundo, mwana apume.

Aphunzitsi anzanga, chonde musamapereke mapushapu ngati chilango, ana angawade.