Amisiri Ojambula Nyimbo

Mwa ntchito zonse zimene anthu a ku Ulaya anagwira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, palibe imene inazizwitsa oonerera monga ya amisiri aja amene, atamva nyimbo za Bach kapena Wagner, anatenga utoto ndi nsalu, najambula zithunzi zopanda nkhope ya munthu, zopanda mtengo ngakhale nyumba, koma mizere ndi mitundu yokhayokha. Mkulu wa iwo anali Wassily Kandinsky, wophunzira malamulo ku Moscow, amene pomva Lohengrin ya Wagner anaona mitundu ikuvina pamaso pake. Ndipo m'chaka cha 1896, ali ndi zaka 30, anakana mpando wa uphunzitsi ku Dorpat, namuka ku Munich kukaphunzira kujambula.

Alipo amene ayesa kuti ntchitoyi ndi kungomwaza utoto mwachisawawa, koma iwowa sanadekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanajambule Composition VII mu 1913, Kandinsky anayamba wayesera pa zithunzi zoposa 30, kusuntha mzere uwu, kuzimiriritsa mtundu uwo, kufikira zonse zitagwirizana monga mawu a oimba ambiri. Paul Klee, amene anaimba vayolini m'gulu la oimba la ku Bern kuyambira ubwana wake, anadziwa mayendedwe a fugue, nyimbo imene liwu limodzi litsogola, lina nilitsata pambuyo, ndipo mu 1921 anaika mayendedwe omwewo pa pepala ndi mitundu yofiira yotsatana. František Kupka naye anaonetsa fugue yake ya mitundu iwiri ku Paris mu 1912.

Chovuta chinali chakudya, popeza ogula zithunzi zotere anali owerengeka. Kupka anadya thukuta lake pojambulira magazini ndi mabuku; Klee ndi Kandinsky anapeza malipiro pophunzitsa pa sukulu ya Bauhaus, kumene analangiza achinyamata za mphamvu ya dontho, ya mzere ndi ya mtundu. Koma chipani cha Nazi chitatenga ulamuliro mu 1933, sukuluyo inatsekedwa, Klee, amene panthawiyo anali kuphunzitsa ku Düsseldorf, anachotsedwa ntchito nabwerera ku Bern, ndipo Kandinsky anasamukira ku France. Ndipo mu 1937, mumzinda womwewo wa Munich umene unalera lusoli, zithunzi za Klee ndi Kandinsky zinapachikidwa poyera kuti khamu la anthu lizitonze.